Mphunzitsi wachilendo pakati pathu

Mawu a Mulungu: 2 Mafumu 4:8-13

Buku lachiwiri la Mafumu likutiuza za mayi wina wa ku Sunemu amene dzina lake silidalembedwe. Mneneri Elisa ankadutsa kawirikawiri pamudzi pawo, ndipo mayiyu adayamba ndi kumuitanira chakudya. Patapita nthawi adaona kuti mbale ya chakudya siikwanira kwa munthu amene moyo wake uli wa paulendo, choncho adapangana ndi mwamuna wake kuti am'mangire kachipinda pamwamba pa nyumba yawo. M'kachipindamo adaikamo bedi, tebulo, mpando ndi nyale, basi. Aliyense amene adalowapo m'nyumba ya mphunzitsi wa kumudzi auzindikira msanga katunduyu, pakuti ndi yemweyo amene mphunzitsi wongoyamba ntchito amamusowa: pogona, polembera, pokhala ndi chounikira pamene akuchonga makope usiku.

Lero tikufuna tilingalire za munthu amene ambiri a ife timakumana naye pamjigo, pamsika ndi m'tchalitchi, koma sitidziwa kumene amagona kapena chimene wadya. Ameneyu ndi mphunzitsi wachinyamata amene boma lamutumiza kudzagwira ntchito kutali ndi kwawo.

Ulendo wake umayambira kusukulu yosulira aphunzitsi, kaya ku Karonga, ku Kasungu, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Machinga kapena ku St Joseph's ku Bembeke. Chiyambire 2005 aphunzitsi a pulaimale amasulidwa m'ndondomeko ya IPTE, imene imatenga zaka ziwiri, gawo lina m'kalasi kukoleji, gawo lina akuyesera ntchito pasukulu. Akamaliza ambiri amayamba adikira, ena miyezi, ena zaka, kuti boma liwalembe ntchito. Tsiku limene dzina lituluka pamndandanda pakhomo pamakhala nthungululu, ndipo nzoyenera kutero. Koma nthawi zambiri dzinalo limatuluka limodzi ndi dzina la boma limene mwanayo sadalipondeko chibadwire.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 23 wa ku Ntcheu amene watumizidwa kumidzi ya ku Nsanje, kapena mnyamata wa ku Rumphi amene wapezeka kumidzi ya ku Machinga. Minibasi imutula pamsewu waukulu, kabaza amutenga pamodzi ndi matilesi, ndowa, mbaula ndi mapoto awiri, ndipo dzuwa likamapendeka afika pasukulu pamene palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mfunda wake. Nyumba za aphunzitsi pasukulu zambiri za kumudzi nzowerengeka, ndipo zilipozo muli kale mphunzitsi wamkulu ndi ena amene adafika zaka zapitazo. Mlendoyu ndiye kuti achite lendi kanyumba kaudzu m'mudzi, kapena kachipinda kuseri kwa golosale, kufupi ndi kumene chilimba cha pamowa chimalira mpaka pakati pa usiku.

Tsiku lake limayamba mbandakucha ndi mzere wa pamjigo. Belu likalira amakumana ndi kalasi. Cholinga cha boma nchakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma si zachilendo kupeza Sitandade 1 ya ana oposa 100, ena atakhala pansi pa mtengo, mvula ikagwa phunziro nkuthera pomwepo. Mtsikana wathu wa ku Ntcheu apeza kuti tiana take timalankhula Chisena tokhatokha. Mnyamata wa ku Rumphi, amene Chichewa chenichenicho adachiphunzira kusukulu, akumana ndi ana olankhula Chiyao kapena Chilomwe. Akaweruka pali kuphika, kuchapa, mulu wa makope ofunika kuchonga, sikimu yofunika kulemba ndi phunziro la mawa lofunika kukonza, zonsezi pa kuwala kwa kanyale ka sola kapena tochi ya pafoni.

Ntchito yochuluka siimupha munthu wachinyamata. Chimene chimadya mtima ndi nthawi ija cholembera chikaikidwa pansi, mudzi wonse uli zii, m'nyumba zoyandikana anthu akuseka m'chinenero chimene iye sachimva, ndipo palibe womufunsa kuti tsiku layenda bwanji. Aphunzitsi ambiri amene tidachezapo nawo pa uphungu sadandaula kwenikweni za ana kapena za choko. Amadandaula za madzulo, ndiponso za Loweruka.

Kuyenda kwa aphunzitsi si kwa lero. Sukulu m'dziko muno idabwera pamapewa a alendo. M'chaka cha 1876 anyamata anayi ochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa adadzipereka kudzathandiza mishoni ya Livingstonia imene idali itangokhazikitsidwa ku Cape Maclear chaka chapitacho. Mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, adaphunzitsa ana pasukulu ya pamalopo, ndipo adamwalira mu 1877 asadakwanitse ndi chaka chomwe, kutali ndi amayi ake. Mnzake William Koyi adagwira ntchito pakati pa Angoni a kumpoto, amene chinenero chawo chidali chofananako ndi chake, mpaka imfa idamupeza ku Njuyu mu 1886. Kenaka idafika nthawi yathu yotumiza. David Kaunda, Mtonga wophunzira ku Livingstonia, adapita kukakhala pakati pa Abemba ku Chinsali monga mphunzitsi ndi mlaliki, ndipo kumeneko, pamishoni ya Lubwa, ndi kumene mwana wake Kenneth adabadwira mu 1924. Mwanayo adalamulira Zambia zaka 27, komabe mu 1996 malamulo adasinthidwa kotero kuti sakadaimanso pachisankho, pachifukwa chakuti makolo ake sadabadwire m'dzikomo. Ulendo suchoka msanga pamphumi pa munthu, ngakhale pa ana ake.

Kwathu kuno tili ndi chipsera chathuchathu. M'chaka cha 1989 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula kuti aphunzitsi abwerere kukagwira ntchito m'zigawo zakwawo, ponena kuti ochokera kumpoto sankaphunzitsa mokhulupirika ana a m'zigawo zina. Amene tidali akuluakulu kale nthawiyo tikukumbukira katundu ataunjikidwa m'mphepete mwa misewu, ndi mabanja amene adasokonezeka chifukwa mwamuna ngwa chigawo china, mkazi ngwa china. Mipingo yambiri idataya alembi, oimbitsa nyimbo ndi aphunzitsi a Sande sukulu m'masabata owerengeka, ndipo pamenepo mpomwe ena adazindikira kuchuluka kwa ntchito imene alendowo ankasenza. Patangotha zaka zisanu, mu 1994, boma la Dr Bakili Muluzi lidachotsa fizi m'sukulu za pulaimale. Chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo achinyamata zikwizikwi adalembedwa uphunzitsi ataphunzitsidwa masabata ochepa chabe, nkumwazidwa m'midzi. Ambiri a iwo lero ndi aphunzitsi aakulu, ena adapuma. Iwowa ndiwo ayenera kukhala oyamba kukumbukira mmene usiku woyamba pamalo achilendo umatalikira.

Tsopano tiyang'ane kwawo kwa mphunzitsiyo, chifukwa kumeneko kuli ife makolo. Mwana akayamba ntchito, banja lonse limapumira m'mwamba. Lidagulitsa mbuzi, lidagulitsa fodya ndi mtedza kuti iyeyu aphunzire, tsono nthawi yokolola yafika. Palibe cholakwika pamenepa. Paulo polembera Timoteo adadzudzula kolimba mkhristu wosasamala a pabanja pake, ndipo mwana woiwala mabere amene adayamwa sitingamuyamikire. Koma taonani mmene foni ya mphunzitsiyu imalirira. Imakhala chete kuyambira pa 1 kufika cha m'ma 20, kenaka imayamba: fizi ya mng'ono wake ku sekondale, feteleza, malata a nyumba ya agogo, chipepeso cha maliro a kuchimuna, mayendedwe a malume opita kuchipatala. Kale kalata inkatenga masabata, ndipo munthu ankakhala ndi mpata wowerengera. Lero Airtel Money ndi Mpamba zidafupikitsa mtunda, pempho limafika m'mawa, yankho likufunika dzuwa lisanalowe.

Malipiro amene akugawidwa chonchiwa ndi a pagiredi yoyambira. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa sopo, mafuta ophikira ndi mayendedwe udakwera kwa mphunzitsi monga udakwerera kwa aliyense. Ambiri amathawira ku ngongole zodula kumalipiro, zikalephera apo amagwa m'manja mwa akatapila, ndipo mwezi umatha ndalama isanafike m'manja. Mwana amachita manyazi kunena kuti alibe, poopa kuti kumudzi amuyesa wodzikonda kapena wolowerera. Amatumiza, iye nkugonera mbatata.

Paulo yemweyo, m'kalata yachiwiri kwa Akorinto mutu 12, adakumbutsa kuti mwa chikhalidwe makolo ndiwo amasungira ana chuma. Mawu awiriwa ayenera kuwerengedwa limodzi. Ife tikuona kuti mabanja ambiri achikhristu adaloweza oyambawo nkuiwala achiwiriwa. Chuma chimene kholo la kumudzi lingasungire mwana wake wapantchito si ndalama ayi. Ndi foni ya pa 10 mwezi, yopanda pempho lililonse, yongofunsa ngati malungo aja adatha, ngati denga likudontha, ngati wapeza kopemphera. Ndi kathumba ka ufa kapena nyemba kotumizidwa pabasi nthawi yokolola. Ndi kumuuza mwana momveka kuti, “Mwezi uno usatumize, ugule bedi.” Timoteo adanyamula chikhulupiriro cha agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike kupita nacho kutali ku Efeso, ndipo Paulo pofuna kumulimbitsa mtima adamukumbutsa za amayi awiriwa. Mwana wathu akakumbukira kwawo pa usiku wovuta, kodi amakumbukira mapemphero kapena mndandanda wa ngongole?

Pali ena amene adakwatira kapena kukwatiwa asanatumizidwe. Mwamuna ali ku Lilongwe, mkazi akuphunzitsa ku Chikwawa, amaonana patchuthi. Ena mwana woyamba amamusiya kwa agogo. Tonse tikudziwa zimene mtunda umachita ndi banja laling'ono, ndipo sitichita kuzitchula zonse. Koma abusa ndi ankhoswe amene tidamanga mabanjawa tisamadikire kuti atipeze ndi mlandu. Banja lotere lifunika kuyenderedwa kawiri, uku ndi uko.

Komabe mbali yaikulu ya nkhaniyi ikugwera mpingo umene uli kumene mphunzitsiyo wafikira. Pamene Elisa adafuna kubweza ulemu kwa mayi wa ku Sunemu, adamufunsa ngati angakonde kuti akamulankhulire kwa mfumu kapena kwa mkulu wa asilikali. Mayiyo adayankha kuti sakusowa womulankhulira, popeza abale ake adali naye pomwepo. Yankho limeneli likutiululira gwero la chifundo chake. Ankadziwa kukoma kwa kukhala ndi anthu ako, nchifukwa chake adatha kuona umphawi wa munthu amene alibe ake pafupi, ngakhale munthuyo adali mneneri wotchuka. Ife eni mudzi tili ndi chuma chomwecho, ndipo chifukwa tidabadwa nacho sitichiona. Tikadwala usiku pali wokabwereka njinga. Tikaferedwa pali adzukulu. Tikalakwiridwa pali mwinimbumba wokatiimira kwa amfumu. Mphunzitsi wachilendo alibe chilichonse mwa izi, ngakhale amavala taye.

Tayeyo ndiye amatinyenga. Timamuona ngati bwana wolandira pamwezi, ndipo mpingo ukamuona umaona mphatso zake zokha. Lamulungu loyamba timamuimiritsa nkumuombera m'manja. Lachiwiri timamupatsa kalasi ya Sande sukulu. Mwezi usanathe ndi mlembi wa achinyamata, woimbitsa kwaya, wowerenga Mawu, ndipo pa pepala la zopereka zomangira tchalitchi dzina lake lili pamwamba pamodzi ndi a mabizinesi. Zonsezi nzabwino, ndipo ambiri amazichita mokondwa. Koma tidzifunse kuti ndi mabanja angati amene adamuitanapo kudzadya nsima Lamulungu masana, ndi mkulu wampingo uti amene adafikapo pakhomo pake kukaona ngati chitseko chili ndi loko. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife tidagwiritsitsa mbali yachiwiri ya mwambiwu, ya kudya naye, mbali yoyambayo tidaitaya.

Pali kanthu kena kooneka kakang'ono, kalata ya mpingo. Achinyamata ambiri amanyamuka kwawo osatenga kalata yosamukira, mwina chifukwa cha changu, mwina poganiza kuti sakhalitsa. Kumene afikako sali m'kaundula, sali mumlaga uliwonse, sayandikira ku Mgonero, ndipo akasiya kubwera palibe amene amaona kuti mpando wina uli wopanda munthu. Kwawo amamuwerengera kuti ali kuntchito, kuntchito amamuwerengera kuti ngwa kwawo. Umu ndi mmene mwana wobatizidwa, woimba kwaya chiyambire ubwana, amatha zaka zitatu wopanda mbusa popanda wina kuchitapo choipa. Abusa a mbali ziwirizi lero ali ndi mafoni. Kudziwitsana kuti nkhosa yakuti yasamukira kwanuko sikutenga mphindi zisanu. Ndipo kumene masinodi athu akhala akukokanakokana pa za malire, tisalole kuti mwana wa eni afunsidwe kaye za sinodi yakwawo asanapatsidwe mpando. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano amasiyana maina okha, ntchito yochereza alendo ndi imodzi.

Tikapanda kutsegula makomo athu, ena amatsegula awo. Pamalo amowa salira kalata yosamukira, ndipo mlendo amalandiridwa tsiku lomwelo. Mtsikana wokhala yekha m'nyumba yopanda mpanda amagogoderedwa usiku ndi amuna a eni, ena a iwo akhristu omwe. Mnyamata wosungulumwa amayamba kutuma ana asukulu aakazi kudzamutungira madzi ndi kudzamusesera m'nyumba, ndipo mapeto a njira imeneyi tidawaona: mwana wa Sitandade 7 ali ndi pakati, tsogolo lake laduka, mphunzitsi wachotsedwa ntchito kapena ali m'manja mwa apolisi. Tinene mosapsatira kuti kusungulumwa sikuchotsa mlandu. Mphunzitsi wogona ndi mwana wasukulu wachimwira Mulungu, waphwanya lamulo la dziko, ndipo mpingo usamubise kapena kukambirana zolipitsa mbuzi kuseri. Komabe mudzi umene udaona atsikana akulowa m'nyumba ya mnyamata wosakwatira kwa miyezi, osanena kanthu, uli ndi funso lake loyankha. Mayi mmodzi wachikulire wonena kuti, “Aphunzitsi, madzi azikutungirani anyamata anga,” akadapulumutsa anthu awiri.

Tisaganizenso kuti mtima wa ku Sunemu umapezeka mwa akhristu okha. Aphunzitsi ena otumizidwa kumadera kumene Asilamu ndiwo ambiri, monga mbali zina za Mangochi ndi Machinga, amapeza kuti tchalitchi cha mpingo wawo chili kutali, ndipo amene amawapatsa ndiwo, kuwaperekeza kuchipatala ndi kuwatchula kuti mwanangu ndi mayi wachisilamu mwini nyumba. Mulungu sasowa womutuma. Zikatere, akhristu ochepa a m'deralo ayenera kuyamika, komanso kuchitako manyazi pang'ono.

Kwa inu aphunzitsi achinyamata, tili ndi mawu ochokera kwa Yeremiya. Ayuda atatengedwa kupita ku Babulo adakhala ndi mitima ya paulendo, akumvera aneneri owalonjeza kuti abwerera posachedwa. Yeremiya, m'mutu 29, adawalembera kalata yowalangiza zosiyana ndi zimenezo: amange nyumba, alime minda, ndipo afunire zabwino mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera, popeza mtendere wawo udamangirizika ku mtendere wa mzindawo. Inu simuli ku ukapolo, koma yesero lanu likufanana ndi lawo. Nkotheka kukhala zaka zisanu pamalo chikwama chili chomangamanga, Lachisanu lililonse muli pamsewu, mwezi uliwonse muli ku ofesi ya maphunziro kukapempha kusamutsidwa. Kupempha kusamuka si tchimo, makamaka pamene banja lagawikana. Koma pamene mukudikira yankho, masulani chikwamacho. Pemphani kamunda kwa amfumu mudzalemo nkhwani ndi chimanga. Phunzirani moni ndi mawu a chipepeso m'chinenero cha eni dera, ngakhale azikusekani katchulidwe. Kusekedwa kotero ndi chiyambi cha chibale. Maliro akachitika m'mudzi pitani mukakhale pansi pamodzi ndi anthu, chifukwa kwathu kuno munthu amadziwika pamaliro, ndipo amene sayenda pa zovuta za anzake amadzalira yekha.

Musanyozenso zimene eni mudzi akupatsani. Kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku ndi chiwalo. Ndiwo zimene kwanu simudya, kapembedzedwe kosiyana ndi ka kwanu, nyimbo zoimbidwa mwa mtundu wina, zonsezi zilandireni ndi manja awiri. Ana a m'kalasi mwanu amazindikira msanga ngati mphunzitsi amanyansidwa ndi mudzi wawo, ndipo mwana sangaphunzire bwino kwa munthu amene amanyoza amayi ake. Sungani nthawi ya Mawu ndi pemphero ngakhale muli nokha m'nyumba, pakuti kwanu belu la tchalitchi ndi mawu a amayi ndizo zinkakudzutsani, kuno mudzidzutsa nokha. Ndipo phunzirani kunena kwa abale mwaulemu kuti mwezi uno mungathe zakutizakuti zokha. Kunena zoona kotero kuli bwino kuposa kutumiza ndalama ya katapila.

Kwa akulu ampingo, madikoni ndi amayi a m'mabungwe, ntchito yake siyofuna komiti kapena bajeti. Mayi wa ku Sunemu adangokambirana ndi mwamuna wake. Mpingo umene uli ndi njerwa zotsala pa chitukuko ungathe kugwirizana ndi komiti ya sukulu nkumanga nyumba imodzi ya mphunzitsi. Umene ulibe ungathe kusankha banja limodzi lokhazikika kuti likhale makolo a mphunzitsi aliyense wofika kumene, lomuyendera akadwala, lomuimira akalakwiridwa, lomudzudzula akayamba kupotoka. Maina a aphunzitsi atsopano ali ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo pasukulu zambiri za mishoni ofesi yake ili pabwalo limodzi ndi tchalitchi, poti munthu ataitana ali pakhomo la vesitili amveka.